Mitengo iwiri pa shelefu imodzi: mmene masitolo a ku Britain amagulitsira chakudya

Munthu amene wakulira pa msika wa Limbe, wa Lizulu kapena wa ku Mzuzu amadziwa kuti mtengo woyamba kutchulidwa si womaliza. Umanenerera, umayamba kuchoka, wogulitsa amakuitana, ndipo mukagwirizana amakuikira basera pamwamba pa mulu wa tomato. Munthu yemweyo akatsika ndege n'kukayamba ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, unamwino ku Manchester kapena sukulu ku Glasgow, amapeza sitolo yaikulu ngati bwalo la mpira, mulibe womulonjera, mulibe wonenerera naye. Mtengo walembedwa pa kapepala m'mphepete mwa shelefu, basi. Zimaoneka ngati aliyense akulipira chimodzimodzi.

Sizili choncho. Anthu awiri okhala mu msewu umodzi, ogula mpunga, mafuta, nkhuku ndi sopo zofanana, amatha kusiyana mapaundi ambiri pa sabata. Kunenerera kulipo ndithu ku Britain, kungoti sikuchitika pakamwa. Kumachitika posankha sitolo yolowamo, khadi yonyamula, ola lopitira, ndi shelefu yoyang'anapo. Wobadwira kumeneko anaziphunzira ali mwana potsatira amayi ake. Wobwera amaziphunzira ndi ndalama zake, m'miyezi yoyambirira imene ndalamazo zimakhala zochepetsetsa, ndipo ambiri a ife chitupa chathu chimanena kuti sitingalandire thandizo la ndalama la boma. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimaitenga mozama.

Eni ake a msika

Chakudya chambiri cha m'dziko lonselo chimadutsa m'manja mwa makampani osakwana khumi. Wamkulu ndi Tesco, amene pa mapaundi anayi alionse ogulira zinthu za m'nyumba m'masitolo amatenga yoposa imodzi. Kenako pali Sainsbury's, Asda ndi Morrisons. Anayiwa analamulira msika kwa zaka zambiri. M'mbali mwawo muli Co-op, ya masitolo ang'onoang'ono a m'makwalala, Iceland ya zakudya zouma ndi chisanu, ndi Waitrose ndi Marks & Spencer kumene kumapita a m'thumba molemera. Mu 2018 Sainsbury's ndi Asda anafuna kuphatikizana, koma mu 2019 bungwe loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linakana poopa kuti mitengo ikwera.

Amene anagwedeza zinthu ndi alendo awiri ochokera ku Germany. Aldi inatsegula sitolo yake yoyamba ku Birmingham mu 1990, Lidl inabwera mu 1994. Kwa nthawi yaitali anthu ankawaona ngati masitolo a osauka, ena ankachita manyazi kunyamula jumbo yawo. Mavuto azachuma a 2008 anasintha maganizo amenewo, ndipo mu 2022 Aldi inapitirira Morrisons n'kukhala yachinayi. Mitengo ya chakudya itakwera ndi 19 peresenti m'chaka chofika March 2023, kukwera kumene dzikolo linali lisanakuone kwa zaka zoposa 40, ngakhale a magalimoto apamwamba anayamba kuimika pa Lidl.

Kutchipa kwawo si matsenga. Sitolo ya Aldi imasunga mitundu ya katundu pafupifupi 2,000, pamene Tesco yaikulu imasunga mitundu zikwi makumi angapo. Ngati ukufuna mafuta ophikira, upeza mitundu iwiri kapena itatu, osati khumi ndi isanu. Zambiri mwa zinthuzo zili ndi mayina a kampaniyo eni ake, ndiye palibe ndalama yolipirira dzina lotchuka. Katundu amaikidwa pa shelefu ali m'makatoni momwe anabwerera, antchito ndi ochepa, ndipo wa pa makina olipirira amathamangitsa katundu mofulumira moti sungalongedze pomwepo. Umabwezera zonse m'kangolo n'kukalongedzera pa thabwa lalitali limene lili pafupi ndi khomo. Wobwera kumene amaona ngati akuthamangitsidwa, koma ndi mmene amachepetsera mzere ndi chiwerengero cha antchito. Masitolo akuluakulu anayankha polemba zikwangwani za "Aldi Price Match" pa katundu wina. Chikwangwanicho chimanena zoona pa katundu amene chaikidwapo, koma sichinena kanthu za zinthu zina zonse zili m'kangolo kako.

Khadi ndi mitengo iwiri

Apa ndi pamene obwera ambiri amataya ndalama osadziwa. Ukalowa mu Tesco upeza kapepala ka mtengo kali ndi manambala awiri: lina lalikulu pa chikasu, lina laling'ono pambali. Lalikulu ndi la amene ali ndi Clubcard. Ku Sainsbury's n'chimodzimodzi ndi khadi ya Nectar. Maso amagwira nambala yaikulu, koma ukafika polipira opanda khadi, makina amawerengera inayo, imene nthawi zina imakhala yokwera kwambiri.

Clubcard inayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake inali yosonkhanitsa mapointi amene pambuyo pake amasanduka timapepala tochotsera mtengo. Zinasintha cha mu 2020 pamene Tesco inafalitsa mitengo ya okhala ndi khadi okha. Sainsbury's inatsatira mu 2023, ndipo Morrisons ndi Co-op nawo ali ndi zawo. Lidl ili ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa Lidl Plus. Aldi ilibe khadi yotere.

Makhadi ambiriwa ndi aulere, wa Co-op ndiye umalipira kandalama kochepa kolowera umembala. Safuna mbiri ya ngongole, sakhudzana ndi chitupa chako chokhalira m'dzikomo. Umalembetsa pa foni, n'kumaonetsa pa makina. Chimene umalipira ndi mbiri ya zogula zako. Kampani imadziwa kuti umagula matewera a mwana, kuti Lachisanu lililonse umagula nkhuku ziwiri, kuti wasiya kugula shuga, ndipo chidziwitso chimenechi imachigwiritsa ntchito pogulitsa malo otsatsira malonda kwa opanga katundu. Imeneyi ndi bizinesi yaikulu payokha. Anthu anadandaula kuti mwina masitolo amayamba akweza mtengo wamba kuti wa khadi uoneke wotsika. Bungwe la mpikisano lija linafufuza katundu pafupifupi 50,000, ndipo mu November 2024 linanena kuti pa zinthu 92 mwa 100 zilizonse kutsikako kunali kwenikweni. Linachenjezanso kuti mtengo wa khadi sikuti nthawi zonse ndi wotsikitsitsa m'tauni.

Maganizo anga ndi akuti khadiyo itengeni sabata yoyamba yomwe. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, amene mu April 2025 anali £12.21 pa ola kwa wazaka 21 kupita m'tsogolo, sangakwanitse kulipira mtengo wapamwamba pofuna kubisa kuti amagula buledi wanji. Koma sindikondwa ndi dongosolo limene limalanga wopanda foni yamakono, wokalamba, ndi mlendo amene sanauzidwe. Kuchotsera mtengo kunali kwa aliyense wolowa pakhomo, tsopano kwasanduka kwa olembetsa.

Pa kapepala komweko pali nambala yachitatu, yaing'ono kwambiri, imene ili yofunika kuposa zonse: mtengo pa kilogalamu, pa magalamu 100 kapena pa lita. Lamulo limakakamiza masitolo akuluakulu kuilemba. Ndi nambala imeneyi imene imaulula kuti paketi yaikulu si yotchipa nthawi zonse, ndi kuti botolo looneka ngati la chaka chatha lachepetsedwa mkati pamene mtengo uli pomwepo. Kwathu timayeza mulu ndi maso ndi dzanja. Kuno muyezo ndi kanambala kameneko.

Kutalika kwa shelefu nako kuli ndi tanthauzo. Zoyang'anizana ndi maso ndi za mayina otchuka, zimene sitolo imapindula nazo kwambiri. Zotchipa za sitoloyo, monga Just Essentials ku Asda, Savers ku Morrisons ndi Stamford Street ku Sainsbury's, kawirikawiri zimakhala pansi, moti umawerama. Pa mchere, shuga, ufa wa tirigu, tomato wa m'chitini ndi nyemba, kusiyana kwa kakomedwe n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo. Palinso chinsinsi chimene ambiri amachitulukira mochedwa: m'sitolo imodzimodziyo, zokometsera ndiwo za m'timabotolo tating'ono zimadula kwambiri kuposa zomwezo zili m'mapaketi akuluakulu pa mzere wolembedwa "World Foods", pamene pamakhala katundu wa Amwenye, a ku Caribbean ndi a ku Poland. Mpunga wa makilogalamu asanu kapena khumi umapezekanso pamenepo.

Ndipo dzina limodzi silitanthauza mtengo umodzi. Tesco Express ndi Sainsbury's Local, timasitolo ta pakona tija, timagulitsa zinthu zambiri mokwera kuposa sitolo yaikulu ya kampani yomweyo, ndipo zotchipa za pansi zija nthawi zambiri mulibe. Vuto n'lakuti sitolo yaikulu imakhala kunja kwa tauni, yomangidwira wa galimoto. Wopanda galimoto, woweruka usiku, amakakamizika kugula pa kakang'ono. N'zofanana ndi wogula ufa wa walkman pa okala tsiku ndi tsiku, amene pakutha pa mwezi walipira kuposa wogula thumba. Njira imene anthu ambiri amapulumukira ndi kusonkherana: anthu atatu kapena anayi kupita limodzi kamodzi pa sabata ziwiri n'kugawana ya takisi, kapena kuitanitsa pa intaneti kuti galimoto ya sitolo ibweretse pa ola lotchipa.

Madeti ndi timapepala tachikasu

Pa chakudya pamalembedwa mawu awiri osiyana, ndipo kuwasokoneza kumatayitsa chakudya chabwino kapena kudwalitsa. "Use by" ndi tsiku la chitetezo. Limakhala pa nyama, nsomba, ndi zina zoonongeka msanga. Likadutsa usadye, ngakhale chikununkhira bwino, ndipo sitolo siloledwa kugulitsa. "Best before" ndi tsiku la ubwino chabe. Mpunga, mabisiketi, zam'chitini ndi ufa zimadyeka bwinobwino tsikulo litadutsa. Masitolo angapo anachotseratu tsiku lotere pa zipatso ndi masamba ambiri kuti anthu aziyang'ana ndi maso, zimene ife tinazolowera kale.

Chifukwa chakuti chakudya cha "use by" sichingagulitsidwe mawa lake, masitolo amachitsitsa mtengo tsiku lomaliza n'kumatapo kapepala, kawirikawiri kachikasu. M'mawa amatsitsa pang'ono, madzulo kwambiri. Ola lenileni limasiyana sitolo ndi sitolo, ndipo wantchito wa pa shelefu ukamufunsa mwaulemu amakuuza. Nyama yotere ilibe vuto. Ukafika nayo kunyumba n'kuiika mufiriji youmitsa tsiku lomwelo, ikhala miyezi. Palibe chochititsa manyazi poima pa shelefu imeneyi, mumapezana aphunzitsi, madalaivala a basi ndi agogo achizungu. Pali mapulogalamu a pa foni, Too Good To Go ndi Olio, amene amagulitsa motchipa kapena kugawa ulere chakudya chotsala.

Msonkho wa VAT uli kale mkati mwa mtengo wolembedwa, ndiye palibe chowonjezera polipira. Chakudya chenicheni, monga nyama yaiwisi, masamba, mkaka, buledi ndi ufa, chilibe msonkhowu. Maswiti, zakumwa zotsekemera, tchipisi cha m'mapaketi, mowa ndi chakudya chotentha chogula chophikaphika zili ndi 20 peresenti. Wophika yekha amapindula kawiri.

Malamulo ang'onoang'ono amene palibe amakuuza

Lamlungu ku England ndi ku Wales sitolo yaikulu kuposa masikweya mita 280 imaloledwa kugulitsa maola asanu ndi limodzi okha, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Limeneli ndi lamulo la 1994. Ambiri amatsegula 10 kapena 11 n'kutseka 4 kapena 5 koloko. Kwa ife amene mapemphero athu amatha masana, kenako n'kucheza pakhomo pa tchalitchi, n'zosavuta kupeza zitseko zatsekedwa. Tsiku la Pasaka ndi la Khirisimasi masitolo akuluakulu satsegula n'komwe. Ku Scotland malire a Lamlungu amenewa kulibe.

Jumbo imagulidwa. Ku England zinayamba mu 2015 pa 5p (mapeni asanu, mapeni 100 ndiwo paundi imodzi), ndipo kuyambira 2021 mtengo wotsikitsitsa ndi 10p, ngakhale masitolo ambiri amangogulitsa zikwama zolimba zodula kuposa pamenepo. Kangolo m'malo ambiri kamafuna ndalama yachitsulo ya £1 imene imabwerera ukakabweza. Panado wa paracetamol sakugulitsa mapaketi oposa awiri nthawi imodzi. Mowa, fodya ndi mipeni zimafuna zaka 18, ndipo ngati ukuoneka wosakwana 25 amakufunsa chiphaso. Si chipongwe, wogulitsayo ndi amene angalangidwe.

Makina odzilipirira wekha ndi nkhani ina. Pansi pa malo oikapo katundu pali sikelo imene imayerekeza kulemera kwa chimene wadutsitsa ndi chimene waika. Ukaikapo chikwama chako kapena mwana akatsamirapo, makina amaima n'kuitana wantchito. Upangiri wanga kwa munthu wakuda aliyense ndi wakuti atenge lisiti nthawi zonse, ngakhale makina afunse ngati akulifuna. Masitolo ena aika zitseko zotseguka ndi lisiti, ndipo alonda achuluka chifukwa kuba m'masitolo kwakwera. Ambiri a ife tinamvapo maso a mlonda akutitsata m'mizere. Lisiti m'manja limathetsa nkhani isanakule.

Masitolo a zovala, misika yaikulu ndi ngongole

Kunja kwa chakudya kuli masitolo a maina omwewo m'tauni iliyonse. Primark ndi ya zovala zotchipa, B&M, Home Bargains ndi Poundland ndi za sopo, ziwiya ndi zotsukira, Boots ndi Superdrug ndi za mankhwala ndi mafuta odzola, TK Maxx imagulitsa zotsala za maina otchuka, ndipo ku Argos umasankha pa kompyuta n'kudikira katundu atuluke kuseri. Sopo ndi zotsukira m'nyumba nthawi zambiri zimatchipa ku masitolo amenewa kuposa kogula chakudya. Masitolo a mabungwe achifundo, monga Oxfam ndi British Heart Foundation, ndiye kaunjika wa kumeneko, ndipo jekete yoyamba ya chisanu kapena mipando ya nyumba yoyamba ndi bwino kuziyang'ana kumeneko kaye.

Dzina lalikulu silitanthauza kukhalitsa. Woolworths inatha kumayambiriro kwa 2009, BHS mu 2016, masitolo a Debenhams anatsekedwa mu 2021, Wilko inagwa mu 2023. Amene anali ndi makhadi a mphatso a makampani ogwa nthawi zambiri amavutika kuwagwiritsa ntchito, ndiye ukapatsidwa khadi yotere usaisunge chaka.

Misika ikuluikulu yofoleredwa, monga Trafford Centre ku Manchester, Bullring ku Birmingham, Meadowhall ku Sheffield ndi Westfield ku London, ndi malo otentha m'nyengo yozizira, oti ana n'kuthamangamo, ndipo munthu wosungulumwa amapezako anthu. Ndikumvetsa chifukwa chake timapitako Loweruka. Koma anamangidwa kuti utulukemo utanyamula chimene sunabwerere. Choopsa kwambiri ndi mawu amene amabwera polipira, akuti tenga lero ulipire pang'onopang'ono, kudzera ku Klarna, Clearpay kapena khadi ya ngongole ya sitolo. Kugawa katatu kopanda chiwongoladzanja kumaoneka kopepuka, mpaka utakhala ndi ngongole zisanu zotere mwezi umodzi, lendi ikudikira, ndi kumudzi akudikira fizi. Ku Britain kulephera kubweza kungathe kulembedwa pa mbiri yako ya ngongole, ndipo mbiri imeneyo ndi imene amayang'ana ukafuna nyumba ya lendi, foni ya kontirakiti kapena ngongole yogulira nyumba. Nsapato za £90 zingathe kukutsekera khomo patapita zaka.

Pa kubweza katundu, lamulo la 2015 loteteza ogula limati chinthu chikapezeka chowonongeka uli ndi masiku 30 oti ubweze n'kulandira ndalama zako zonse. Ngati wangosintha maganizo pa chinthu chogula m'sitolo, lamulo silikakamiza sitolo kulandira, ngakhale ambiri amalandira mwa kufuna kwawo ukabwera ndi lisiti. Chogula pa intaneti uli ndi masiku 14 oti unene kuti sukuchifuna, pa zinthu zambiri.

Ufa uli kuti?

Funso loyamba la Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe aliyense ndi limeneli, ndipo apa sitolo yaikulu imagonja. Pa shelefu pali paketi yolembedwa "cornflour". Usagule poganiza kuti ndi ufa wa nsima. Ndi sitachi wosalala ngati wa chinangwa wokhutira zovala, wolimbitsira msuzi. "Polenta" ndi "cornmeal" ndi chimanga ndithu, koma chachikasu, ndipo nsima yake imakumbutsa akuluakulu za chimanga cha thandizo cha zaka za njala. Ena amaphika "semolina", amene ndi tirigu, ena amasakaniza ndi ufa wa mpunga. Zimakhutitsa koma si nsima.

Ufa woyera umalembedwa "maize meal" kapena "mealie meal", ndipo wambiri umachokera ku South Africa, monga Iwisa ndi White Star. Masitolo akuluakulu a m'madera okhala anthu akuda ambiri amausunga pa mzere wa World Foods m'mapaketi ang'onoang'ono, koma thumba la makilogalamu asanu kapena khumi umalipeza ku masitolo a Afirika ndi a Amwenye. Ufawu uli ngati gramil wosalala, ulibe kafungo ka mphale yoviika kamene kali mu ufa woyera wa kwathu. Chifukwa chake sitolo yaikulu siusamala n'chosavuta kumva: dongosolo lake lonse linamangidwa pa katundu woyenda mofulumira m'masitolo mazanamazana nthawi imodzi. Ife ndife ochepa ndi omwazikana. Anthu a ku Nigeria, Ghana, Pakistan ndi Poland ndi ambiri, n'chifukwa chake gari, ufa wa chapati ndi masoseji a ku Poland zili ndi mashelefu awo.

Ndiye banja la kwathu limagula kawiri. Mkaka, buledi, mazira, mafuta ndi sopo ku Aldi kapena Tesco. Ufa, nyemba, mtedza waiwisi, therere, chinangwa, mbatata yoyera mkati ndi nsomba ku masitolo a m'misewu monga ya ku Peckham ndi Brixton mu London, Moss Side ku Manchester, kapena msika wa Bull Ring ku Birmingham ndi wa Leicester. Mabutchala a halal ndiwo amagulitsa mbuzi, nthumbwana, chiwindi, mapazi a ng'ombe ndi nkhuku yolimba imene amaitcha "hard chicken" kapena "boiling chicken", yoikira mazira yokalamba, imene imayandikira nkhuku ya chikuda. Nkhuku ya m'sitolo yaikulu imaphedwa ili ndi masabata ochepa, ukaiphika ngati ya kumudzi imasungunuka mumphika. M'misika imeneyi ogulitsa zipatso amaika katundu m'mbale zapulasitiki n'kugulitsa pa mbale, chimodzimodzi mulu wa kwathu, ndipo msika ukamatsekedwa amatsitsa. Kwa butchala amene wakuzolowera, ukagula zambiri, kunenerera pang'ono kumatheka. Koma yang'anitsitsa muyezo, chifukwa ena amalemba mtengo pa "lb", imene ndi magalamu 454, osakwana theka la kilogalamu.

Masamba amafuna kumasulira. "Spring greens" ndi "kale" ndiwo amalowa m'malo mwa lepu ndi mpiru, ndipo amatendereka bwino ndi chiponde chosathira shuga ngati nsinjiro palibe. Bonongwe amapezeka kwa a ku Caribbean pa dzina la "callaloo", ndi kwa Amwenye ndi a ku Bangladesh pa maina awo. Nkhwani ndiye wosowa. Mwezi wa October masitolo amadzaza maungu a Halloween, milu yaikulu pakhomo, koma tsamba ngakhale limodzi. Ambiri amadzala okha kuseri kwa nyumba kapena pa timinda tobwereka ku khonsolo totchedwa "allotment", ndipo m'chilimwe nkhwani umayenda m'majumbo pakhomo pa tchalitchi. Tilapia youma ndi chisanu, yoweta ku Asia, ndi imene imaima m'malo mwa chambo, ngakhale wakudya chambo cha ku Mangochi sanganamizidwe.

Chodabwitsa n'chakuti Malawi ali m'masitolo amenewa, kungoti sadziwika. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amasakanizidwa m'timatumba ta tiyi timene Angerezi amamwa tsiku lililonse, ndipo pa mabokosi ena dzina la dziko lathu limalembedwa kumbuyo m'zilembo zazing'ono. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umagulitsidwa ku Scotland kudzera m'magulu a malonda achilungamo, masukulu ndi matchalitchi. Zimene timalima zimafika. Zimene timadya ndi zimene sizifika.

N'chifukwa chake aliyense wopita kumudzi amabwerera ndi sutikesi yolemera ndi mauthenga a anthu khumi. Apa pali lamulo lofunika kulidziwa musanalongedze. Nyama ndi zamkaka zochokera ku maiko ngati Malawi ndi Zambia siziloledwa kulowa mu Britain m'katundu wa munthu, ngakhale zouma kapena zowamba, ndipo zikapezeka zimalandidwa, mwinanso ndi chindapusa. Zipatso ndi masamba aawisi ambiri zimafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu. Nsomba zouma kapena zowamba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu, ndiye usipa, utaka, matemba ndi kapenta zimadutsa. Malamulowa amasintha pakabuka matenda a ziweto, choncho onani tsamba la boma la gov.uk sabata yonyamuka. Usipawo muukulunge m'mapulasitiki angapo otseka bwino, pakati pa sutikesi, kutali ndi zovala za kuntchito.